Nkhope Yanga Itauma pa Foni

Nkhani iyi sindinamuuzepo munthu, ngakhale abusa athu, ngakhale madala anzanga amene timakhala nawo pa benchi ya wometa tsitsi kufupi ndi msika. Iwo amangodziwa kuti mwana wa mlongo wanga anakhalapo kwanga kuno ku Chawama ukwati wake utavuta. Zimene zinachitika pa foni Lamulungu lina masana sazidziwa. Ndikayesa kuikonza m'mutu kuti ndiifotokoze mwachidule imamveka ngati nthabwala, ndiye ndimaisiya. Ine sindinaisekepo.

Ndinabwera ku Lusaka ndili mnyamata kuchokera ku Mchinji, ndipo moyo wanga wonse wantchito ndinauthera ku Kamwala, m'mashopu ogulitsa katundu mopikulitsa. Ndinayamba ndi kusenza mabelo a nsalu. Kuwerenga ndinakuphunzira mochedwa, imvi zitayamba kale, pa sukulu ya akuluakulu imene inkachitikira m'tchalitchi. Koma kuyerekeza mitengo ndinakudziwa ndisanadziwe chilembo ndi chimodzi chomwe. Abwana ankandituma kuzungulira mashopu a anzawo kuti ndikamve kuti chitenje akugulitsa bwanji, bulangete bwanji, ndipo ndinkabwera nazo zonse m'mutu. Khalidwe limeneli silinandichoke. Mpaka lero sindigula sopo pa kantemba koyamba.

Mwana wa mlongo wangayo anafika m'mawa wina ndi chikwama chimodzi cha mizeremizere. Diso lake limodzi linali lotupa, ndipo nditampatsa tiyi anagwira kapu ndi dzanja lamanzere chifukwa zala za kumanja sizinkapindika. Anakwatiwa ku Mtendere, komboni ina ya mu Lusaka momwemuno, ndi mwamuna woyendetsa minibasi. Aka sikanali koyamba kumenyedwa, koma kanali koyamba kuthawira kwa ine. Mayi ake anamwalira kale. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho ine malume ake ndine mwini mbumba, ndipo pa ukwati wake ndine ndinaima ngati nkhoswe. Kubwerera kapena kusabwerera kwake kunali pakamwa panga.

"Ba malume, musanibwezeko," anatero, m'chiyankhulo cha ana obadwira m'tauni muno. "Nikabwelelako azanipaya."

Ndinamuuza kuti amwe tiyi asanazizire.

Nkhani ya ukwati saithetsa munthu mmodzi. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pansi pamodzi ndi abale apafupi, amamva mwamuna, amamva mkazi, kenako awiriwo amatuluka, akuluakulu n'kumanga mfundo. Akawomba m'manja ndiye kuti yatha, saibwezanso. Vuto lathu linali lakuti anthu oyenera kukhala pansiwo anali atamwazikana. Nkhoswe ya kuchimuna, malume a mwamunayo, amakhala ku Joni kumene amawotcherera zitsulo. Mchimwene wake wa mtsikanayu ali ku Mangalande, amasamalira okalamba. Mlongo wanga wamng'ono, mayi ake aang'ono a mtsikanayu, ali kumudzi ku Mchinji. Wa ku Mangalande ndiye anati palibe chifukwa chodikira kuti anthu akwere mabasi. Anatisonkhanitsa tonse pa gulu limodzi la pafoni, n'kunena kuti tidzakambirane pa vidiyo, tikuonana nkhope.

Woyamba kudandaula anali mlongo wanga.

"Vidiyo? Inu ana inu, mukudziwa mtengo wa bandulo kuno?"

Ine nditangomva mawu oti mtengo, makutu anaima. Ndinayamba kufunsa mmodzimmodzi monga ndinkachitira ku Kamwala: kwanuko intaneti mumagula bwanji, imakhala nthawi yaitali bwanji, imathamanga bwanji.

Wa ku Mangalande anati iye amalipira kamodzi pamwezi, waya unalowa m'nyumba, ndipo siitha ngakhale ataonera mpira tsiku lonse. Ndalama yake, anatero, amaipeza pa ntchito ya tsiku limodzi dzuwa lisanafike pamutu.

"Sinimaiganizako na kuiganiza, ba malume. Ili monga manzi ya mu pompi."

Ndinamukumbutsa kuti mpopi wa kwathu kuno umatulutsa madzi ukafuna wokha.

A ku Joni anati pa nyumba imene amachita lendi pali kabokosi kophethira pakhoma, ndipo anthu onse a pabwalopo amasonkherana. Mukagawana choncho imatsika mtengo, koma ukangotuluka pageti n'kudalira bandulo ya m'foni, imaluma. Anafotokoza zimenezi monyadira ngati kabokosiko anakawotcherera okha.

Mlongo wanga anati iye amagula kabandulo kakang'ono ka tsiku limodzi, ndipo tsiku limene wakagula shuga sagula. Netiweki amakaipeza pachulu kuseri kwa sukulu. Mawu okha amapita, koma kakangoona vidiyo kamasungunuka ngati mchere wogwera m'madzi.

Ife a kuno tinali pakati. Monga ndinaonera, yathu siinkaluma ngati ya ku Mchinji, koma ili ndi matenda ake: imatsatira magetsi. Akazima kwa nthawi yaitali, nsanja ya netiweki imene ili kumsewu imafooka, ndipo foni imasanduka tochi.

Ndinayesa kuika mitengo yonseyi pa muyeso umodzi, koma ndalama za maiko anayi zinandisokoneza, makamaka makwacha awiri, a kuno ndi a kwathu, amene dzina ndi limodzi koma kulemera kosiyana. Ndiye ndinasiya ndalama n'kumafunsa kuti munthu agwire ntchito nthawi yaitali bwanji kuti agule intaneti yake. Apo zinaoneka poyera. Amene amapeza zambiri ndi amene amagula motchipa, ndipo yake siitha. Mlongo wanga, amene amadalira mtedza wa kamodzi pachaka, ndi amene amagula modula kuposa tonse, n'kumakaimanso nayo pachulu. Ku Kamwala ndinazolowera kuti wogula belo lonse amachotseredwa mtengo, wogula mita imodzi amalipira zonse. Sindinkadziwa kuti maiko nawonso amagulitsidwa zinthu chomwecho.

Kenako wa ku Mangalande anati tiyeze liwiro. Mtsikanayu anandionetsa: umadina pa foni, pamabwera muvi wonga wa pa galimoto woonetsa kuthamanga. Aliyense anajambula muvi wake n'kutumiza pa gulu. Wa ku Mangalande unakagona mbali inayo. Wa ku Joni unapitirira pakati. Wa mlongo wanga unangodzuka pang'ono, ndipo chithunzi chakecho chinafika tsiku lotsatira. Wanga unali wosakhulupirika. M'mawa unkakwera ndithu, madzulo anthu akaweruka unkagwa, magetsi akazima unkanjenjemera pansi penipeni ngati ukuopa kudzuka.

"Ba malume, iyi yanu ni ngolo ya ng'ombe," anatero a ku Joni. "Mau yanu yazafika kuno pa Khisimasi."

"Ngolo imafika, bambo," ndinayankha. "Minibasi ndi imene imagwera m'ngalande."

Onse anaseka, ngakhale a ku Joni, amene anadziwa kuti ndikunena mwana wa mlongo wawo. Koma ine mumtima simunali bwino. Tinali titayesapo kuimbirana tonse kamodzi kuti tione ngati zitheka, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachikonde. Pa bwalo la kwathu anthu amayankhula motsatira ukulu, ndipo mwini mbumba amayankhula pomaliza. Pa foni ankayankhula kwambiri ndi amene intaneti yake siitha. Wa ku Mangalande, mwana wa dzulodzuloli, ankatambasula nkhani ngati wandale. A ku Joni ankamulanda mawu mosavuta. Mlongo wanga anangopereka moni n'kuzimitsa kamera kuti asunge bandulo. Ine ndikati ndiyankhe, mawu anga ankafika mochedwa, n'kukagundana ndi a munthu wina amene wayamba kale nkhani ina, ndipo ndinkamveka ngati nkhalamba yodula anthu pakamwa. Ndinayamba kuopa kuti tsikulo likadzafika mawu anga sadzalemera monga amalemerera m'chipinda.

Mlongo wanga anandiimbira payekha, mwachangu monga amachitira.

"Achimwene, mwanayo asabwerere. Ine sinditha kukhalitsa pa vidiyopo. Mudzanene ndinu."

Ndinakonzekera ngati wopita ku mlandu. Ndinagula bandulo yaikulu kuposa imene ndinagulapo. Foni ndinakaitchajitsa kwa aneba amene ali ndi sola. Ndinayenda ndi muvi uja nyumba yonse, pakhomo, kuseri, ngakhale pamwamba pa mulu wa mabuloko, mpaka ndinapeza kuti pa windo la kuchipinda chochezera ndi pamene umadzuka bwino. Tinasankha Lamulungu masana chifukwa ndandanda ya kuzima kwa magetsi inkati adzakhalapo mpaka madzulo. Ndikanayenera kudziwa kuti ndandanda imeneyo ndi yongotonthozera anthu.

Tsikulo nditachoka ku tchalitchi sindinavule jekete. Ndinakokera tebulo pa windo, foni n'kuitsamiritsa pa chitini cha shuga. Pa galasi la foniyo panali timabokosi: a ku Joni atavala chipewa, wa ku Mangalande ali pa mpando wofewa, mwamuna uja ali ku Mtendere atavala shati yoyera, ndi kabokosi kakuda ka mlongo wanga kongotulutsa mawu ndi mphepo ya pachulu. Mtsikanayu anakhala pansi pambali panga.

Anafotokoza zake mwachidule, maso ali pansi. Mwamunayo anavomera kuti anam'menya, anati unali mowa ndi kutopa, anapepesa, anati sadzachitanso. Anayankhula bwino. Anthu otere amayankhula bwino. Kenako, monga mwa mwambo, tinawauza awiriwo kuti atipatse mpata. Mwamunayo anatuluka pa foni. Mtsikanayu anadzuka n'kupita panja, kukakhala patali kuti asamve. Munthu yekhayo m'nyumba mwanga amene ankadziwa makhalidwe a foni ndinamutulutsa ndekha.

A ku Joni anayamba. Anayankhula nthawi yaitali, mawu awo akumveka bwino ngati ali pakhomo. Anati mwana wawo walakwa ndipo amudzudzula. Anati adzapereka mbuzi yopepesera. Anati ukwati ndi kupirira, palibe nyumba yopanda utsi, ndipo mkazi akakhalitsa kwa malume ake anthu amayamba kuyankhula. Anamaliza ndi kupempha kuti mtsikanayu abwerere mawa lomwe.

Wa ku Mangalande anavomereza. Sindimuweruza kwambiri. Ali kutali, dzanja la mlongo wake analiona pa chithunzi chokha, ndipo ankafuna kuti nkhaniyi ithe asanapite ku ntchito. Anati mlamu wake wapepesa pamaso pa akuluakulu, apatsidwe mwayi.

Kabokosi kakuda kanayankhula. "Ine bandulo yatsala pang'ono. Zimene anene achimwene ndi zanga zomwe." Kenako kanazimiririka.

Inatsala nthawi yanga. Ndili ndi chizolowezi chimene aliyense m'banja mwathu amachidziwa: nkhani ikakhala yolemera ndimavula magalasi, ndimagwirizanitsa manja, ndimaweramitsa mutu n'kukhala chete kaye. Ndinachita chomwecho. Ndili chiweramire ndinamva nyimbo za ku bala ya kuseri kwathu zikuduka pakati, firiji ya aneba n'kusiya kulira. Ndinaganiza kuti bola, phokoso lachepa. Sindinalumikize zimenezi ndi foni.

Nditadzutsa mutu, nkhope ziwiri zija zinali zikundiyang'ana, duu, osaphethira. Pamwamba pa galasi panali timawu tating'ono ta Chingerezi, koma magalasi anali patebulo, ndipo Chingerezi changa n'cha pa mabelo. Ndinayamba kuyankhula.

Ndinati ndamva kupepesa kwa mwana wawo, ndipo ndathokoza chifukwa cha mbuzi. Koma ine ndi amene ndakhala ndikumuona mwanayu akulephera kufinya nsalu yochapa. Ndinati pa tsiku la ukwati ndinam'pereka ali ndi maso awiri ndi manja awiri, ndipo sindinauzidwe kuti adzabwera nazo zoperewera. Mbuzi siipinda zala. Ndinati utsi ulipo m'nyumba iliyonse, koma iyi yayaka. Mawa sabwerera, mwezi wamawa sabwerera, ndipo ngati mwamunayo akufuna kukambirana, abwere ndi anthu ake kuno ku Chawama tidzakhale pansi pamodzi mwanayu atachira, iyenso adzafunsidwe chimene akufuna. Ndinanenanso zina zambiri. Moyo wanga wonse sindinayankhulepo choncho pamaso pa anthu. Mawu ankabwera okha, ndipo ndikayang'ana pa foni ndinkaona a ku Joni, munthu wosadziwa kukhala chete, ali phee, osandidula ngakhale kamodzi. Ndinati mumtima, lero andimva.

Mwadzidzidzi nkhope zija zinadumpha. A ku Joni anali atavula chipewa, wa ku Mangalande atasunthira kutsogolo, ndipo onse awiri ankawomba m'manja.

"Zikomo ba malume, zikomo maningi," anatero a ku Joni. "Mwaonetsa ukulu."

Ndinadabwa kuti agonja msanga chotero, koma nanenso ndinawomba m'manja.

"Ngati mwandimva, ndathokoza," ndinatero.

"Tamvelana bwino bwino."

Apo foni inadukiratu. Ndinaitana mtsikanayu n'kumuuza kuti sakupita. Anagwada pakhomo pomwepo, akulira, n'kuwomba m'manja ndi dzanja lake lopweteka lija. Kenako anati akagule kapenta ndi tomato kumsika kuti tidye bwino.

Anabwera dzuwa litapendeka, m'manja mulibe kanthu koma foni yake. Kumsika netiweki inali itagwirako pang'ono, ndipo uthenga wa mawu wochokera kwa mchimwene wake unali utalowa. Anangoika foniyo patebulo n'kudina.

"Sisi, nkhani yasila. Ba malume bavomela. Ba ku Joni banafunsa mobweleza kuti kapena ba malume muli na mau, koma beve banangowelamika mutu, monga mwamene bamachitila bakavomela. Tinayembekeza maningi. Ba mulamu bazabwela mailo kukutenga bakasiliza matilipi ya kuseni. Upilile chabe, sisi."

Anandiyang'ana. Sindidzaiwala mmene anandiyang'anira.

"Ba malume, munaninamizila chani? Sembe mwaniuza chabe."

Ndinalumbira. Ndinamubwerezera zimene ndinanena, za mbuzi, za maso awiri, zonse. Anamvetsera, kenako anafunsa ngati pamwamba pa foni panali timawu. Ndinati tinalipo. Anafunsa ngati nkhope zawo zinkagwedezeka pamene ndinkayankhula. Ndinati ayi, ankamvetsera mwaulemu.

"Inauma, ba malume," anatero motsitsa. "Malaiti yanayenda. Munali kukamba mweka."

Ndinakhala pansi. Ndinayamba kuona zimene iwo anaona: nkhalamba ya jekete, manja pamodzi, mutu pansi, osasuntha. Ndipo sanalakwitse kuwerenga chithunzicho. N'zoona kuti ndimavomera chomwecho. Munthu amene wakula osadziwa kuwerenga pakati pa anthu ophunzira amaphunzira kuvomera ndi mutu, ndipo pa maliro ndi pa maukwati ambiri a m'banja mwathu ndakhala ndikuwerama, anthu n'kumati amalume alola. Akanakhala anthu ena akanafuula kuti kodi mukutimva. Koma kwathu munthu wamkulu akawerama sumugwedeza. Iwo anandidikira mwaulemu, ine ndinawayankhula mwaulemu, ndipo pakati pathu panalibe chimene chinkadutsa.

Ndinatenga foni n'kuyenda cha kumsewu waukulu, ndikuikweza m'mwamba ngati wofuna mvula. Pafupi ndi pokwerera mabasi ndinamupeza pa foni wa ku Mangalande, mawu ake akudukaduka.

"Iwe, bwanji simunandiitane? Ine ndinakana! Ndinayankhula nthawi yaitali!"

"Ba malume, sembe tinakudukizani bwanji muli mu maganizo? Sembe mwati tilibe ulemu."

"Ndiye uwauze a ku Joni kuti panali cholakwika."

"Manje manja taomba kale, na imwe munaombako. Tikabweza bazakamba ati ndise bana. Bazakamba ati mwachinja maganizo, mwanamizila netiweki. Elo ba mulamu bauzidwa kudala…"

Inadukanso. Ndinayesa a ku Joni, sinalowe. Ndinayesa mlongo wanga, foni yake inali yozima. Ndinaima pamenepo minibasi zikundidutsa, makondakita akundifunsa ngati ndikupita m'tauni. Mwana wa ku Mangalandeyo sananame. Ndinawomba nawo m'manja. Nkhoswe yobweza mawu pambuyo pa manja imataya ulemu wake, ndipo pa nkhani ina iliyonse ya m'banja anthu amadzati, aja amasintha ngati nyengo. Ndani akanakhulupirira kuti ndinakana, popeza mboni yanga inali chitini cha shuga?

Nditabwerera kunyumba ndinamupeza akupinda zovala zake n'kumaika m'chikwama chija. Palibe anamuuza kuti atero. Ankapinda ndi dzanja limodzi, chinacho akuthandizira ndi chigongono. Ndinaima pakhomo n'kumamuyang'ana.

Ndilembe zoona. Pamene ndinaima pamenepo, ganizo lina linandilowa mwakachetechete. Linati nkhani yatha popanda pakamwa pako. Iwe unakana, Mulungu anamva. Akapita, mlandu ndi wa magetsi, ndi wa nsanja ya kumsewu, ndi wa dziko limene intaneti yake imagona masana. Sudzakangana ndi a ku Joni, sudzanyozeka, sudzadyetsa munthu wina pa kandalama kako ka ukalamba. Ganizo limeneli linali lozizira bwino ngati madzi a mumtsuko, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kunandiopsa. Zaka zambiri zapitazo ndinanyamulapo chikwama cha mayi ake a mwanayu, kuwaperekeza ku basi kuti abwerere kwa mwamuna wa mtundu womwewo. Tsiku limenelo magetsi sanazime. Zotsatira zake sindizilemba pano.

Sitinadye. Tulo sindinatione.

Kutacha magetsi anali asanabwerebe. Chikwama chinali pakhomo, chomanga kale, nsapato zake zili pamwamba. Ndinachinyamula n'kukachiika m'chipinda changa, ndinakiya chitseko, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Mtsikanayu ankandiyang'ana ali chiimire.

"Ndiuze," ndinatero. "Kodi pa foni imeneyi palibe njira yoti mawu apite onse athunthu, ngakhale atachedwa? Monga anachitira mchimwene wako dzulo?"

Anati ilipo. Anandionetsa pogwira ndi chala, n'kunena kuti ndisachotse chalacho mpaka nditamaliza. Uthengawo udzadikira m'foni, netiweki ikadzapezeka udzapita wonse.

"Ima pomwepo," ndinamuuza. "Lero umve ndi makutu ako."

Ndinavala magalasi. Sindinawerame. Mawu okoma a dzulo aja sanabwerenso, anatuluka ochepa ndi ouma. Ndinati ndine nkhoswe ya kuchikazi, ndikuyankhula ndili bwinobwino. Dzulo foni inauma ndipo kukana kwanga sikunafike. Manja amene ndinawomba ndinawombera zimene sindinamve, choncho ndikuwabweza. Amene akufuna kunditcha mwana anditche. Mwanayu sabwerera ku Mtendere.

Ndinachotsa chala. Pambali pa uthengawo panabwera kawotchi kakang'ono, kusonyeza kuti sunapite. Sindikanatha kukhala pansi kudikira magetsi. Ndinamuperekeza mtsikanayu kwa aneba a sola aja, banja la atelala, n'kuwapempha amayi a m'nyumbamo kuti asamutulutse kwa wina aliyense mpaka nditabwera. Kenako ndinakwera minibasi ya m'tauni, foni ili m'manja, maso ali pa kawotchi. Tinadutsa mphambano zingapo kali pomwepo. Titayandikira ku Kamwala kanachoka, uthenga n'kupita. Sipanatenge nthawi foni inayamba kulira, a ku Joni. Ndinaiika m'thumba.

M'tauni ndinakwera ina ya ku Mtendere. Mwambo sulola kuti nkhoswe ya kuchikazi ikayankhule ndi mkamwini popanda nkhoswe yake, koma ndinapitabe. Ndinamupeza pa siteshoni ya kumsika, minibasi yake ili pa mzere, akupukuta galasi lakutsogolo ndi nsanza. Atandiona anavula kapusi n'kumwetulira.

"Ah, ba malume! Mwavutikila chani? Nenze kubwela neka."

Ndinayandikira mpaka ndinamva fungo la sopo amene anasambira.

"Usabwere ku Chawama," ndinatero. "Ndakana. Dzulo ndinakana, lero ndakananso."

Ndipo ndinaima pomwepo, osachotsa maso, mpaka nditaona kumwetulira kuja kukuchoka pa nkhope yake.